Glenys Tebbutt Aveka Handibuleki

Glenys Tebbutt ndinamudziwa tili atsikana, tonse tikugwira ntchito pafakitale ya nsapato kuno ku Rushden. Ine ndinali mbali yolongedza m'makatoni, iye mbali yosoka. Sukulu anatsanzikana nayo Lachisanu ali ndi zaka khumi ndi zisanu, Lolemba lake n'kuti atakhala kale pamakina, pafupi ndi mayi ake amene ankasokanso pomwepo. Pampando umenewo anakhalapo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Ntchito yake inali yolumikiza zikopa za pamwamba pa nsapato za amuna. Ankayendetsa mizere iwiri ya ulusi moyandikana, kukhota nayo ku zala za phazi, kukwera nayo kukakolo, osaphonya, kwinaku akukamba za mvula kapena kunena kapitawo. Ophunzira ntchito ankawaimika kumbuyo kwake kuti azingoyang'ana manja. Tikamayenda m'tauni Loweruka, Glenys anthu ankawayang'ana kumapazi. "Bambo awo avala zathu," ankatero. "Awo avala zomata ndi guluu, Khirisimasi sizifika."

Mwamuna wake, Norman, anamwalira akadali wamphamvu zake, ndipo Glenys sanakwatiwenso. Ana analibe. Fakitale itatsekedwa anatenga makina ake omwe aja, amuna awiri n'kumunyamulira mpaka kunyumba. Anawakankhira kunsi kwa masitepe, n'kuwafunditsa katani yakale, basi. Anakapeza ntchito kukhitchini ya pasukulu, kusenda mbatata ndi kutsuka mapoto, mpaka anapuma. Zala zinayamba kupindika ndi nyamakazi. Munthu akabwera ndi nsapato yothetheka kuti amusokere, ankamubweza ali pakhomo. "Pitani nayo kwa amene anaimata," ankatero, chitseko n'kutseka.

Wachibale amene anamutsalira ndi mlongo wake, Clive, wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Clive amakhala moyang'anizana ndi nyumba yanga, tsidya la msewu, pamtunda. Moyo wake wonse ankayendetsa chigalimoto chonyamula mkaka. Atapuma pantchito, mkazi wake atamusiya kalekale, anagwidwa ndi matenda amene amagwira amuna ambiri akuno: kudzipangira yekha galimoto. Amaitanitsa mafupa a galimotoyo ndi malata ake m'mabokosi, injini ndi zakumatayala n'kukazula m'galimoto yakufa, kenako n'kudzitsekera m'galaja. Ena amamaliza chaka chimodzi. Clive zinamutengera zaka zisanu ndi zinayi.

Inali kagalimoto kobiriwira, kafupi ngati benchi, ka mipando iwiri, kopanda denga ndi zitseko. Glenys ankakatcha bafa. Lamlungu lililonse ankabwera pabasi ndi nyama yootcha ndi mbatata m'mbale yovundikira, n'kuima pakhomo pa galaja.

"Iwe Clive, tuluka pansi pa bafa lakolo, chakudya chikuzizira."

"Mphindi zisanu, Glenys."

"Mphindi zisanu zako zija zinayamba ndili ndi tsitsi lakuda."

Ine ankandiitana kuti tidzadye limodzi, chifukwa nanenso ndimakhala ndekha. Motero nkhani ya galimotoyi ndinaimva yonse, bawuti ndi bawuti, ngakhale sindinaifunse.

Galimoto yodzipangira sailola pamsewu asanaiyeze. Clive anaikweza pangolo yokokedwa ndi galimoto ina m'mwezi wa Malichi n'kupita nayo kwa oyeza, atavala shati yosita. Anabwerako madzulo nkhope ili gwa. Injini, mabuleki, magetsi, zonse zinapambana. Chinamugwetsa ndi handibuleki.

Handibulekiyo ili pakati pa mipando iwiri. Clive anaisiya maliseche. Kutsinde kwa chogwirira chake kunali chitsulo cha mano ngati a sowo, ndi mawaya awiri opita kumatayala akumbuyo. Pansi pake panali chibowo chachitali, moti ukasuzumira unkaona shafti, chitsulo chozungulira chimene chimapereka mphamvu kumatayala. Woyeza uja ali ndi mpira wolimba, waukulu ngati lalanje, umene amaugubuduza m'kati monse. Pamene mpirawo wakhudza pasakhale pakuthwa. Unakhudza mano aja. Kenako bamboyo analowetsa zala zitatu m'chibowo, n'kumuyang'ana Clive.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero Clive patebulo Lamlungu lotsatira, "andigwetsera kabowo."

"Kabowo kolowa dzanja la munthu," anatero Glenys. "Mpango wa munthu utalowamo, ungamuzule mutu."

"Ndani avale mpango m'galimoto yanga?"

"Galimoto yopanda denga, ku England kuno? Aliyense."

Mawa lake Clive anapeza nzeru imene inamusangalatsa kwambiri. Anatenga jombo yake yakale ya labala, ija ankavala pokatenga mkaka m'mafamu, anadula mwendo wake, n'kuuveka pahandibuleki ngati sokosi. Kumunsi anaukhomerera ndi masikuluwu. Mano anabisika, chibowo chinabisika. Anandiitana kuti ndidzaone, ndipo kunena zoona ine ndinaona ngati zatheka.

Lamlungu lake kunacha bwino, kadzuwa kakuwala. Ine ndinali panja ndikupalira maluwa m'mbali mwa mpanda wanga wa zitsamba. Clive anakankha galimoto kuitulutsa m'galaja, n'kuiimika pamwamba pa kanjira kake kotsetsereka kolowera mumsewu. Ankafuna chithunzi, ndipo anamunyengerera Glenys mpaka analola kukhalamo. Kulowa mokha inali ntchito. Anamugwira mkono, kumutsitsira pampando wa wokwera, n'kumumanga malamba anayi aja okumana pamimba. Anakoka handibuleki. Ndinaimva ndili tsidya lino: kwe, kwe. Kawiri kokha. Clive analowa m'nyumba kukatenga kamera.

Chimene chinachitika tinachidziwa pambuyo pake. Labala wa jombo ndi wokhuthala. Pokoka chogwirira, anapindikira m'kati n'kukakamira pakati pa chogwiriracho ndi mano. Buleki inagwira pang'ono chabe, ndipo labala uja ankaikankha kuti ibwerere.

Ndinangomva Glenys akuti, "Clive." Osati mokuwa. Nditadzutsa mutu, galimoto inali ikuyenda.

Inayamba ngati ikuganiza kaye, kenako inatenga liwiro. Glenys sanayendetsepo galimoto chibadwire. Mapedulo anali mbali inayo, malamba atamupanikiza kumpando. Ndinamuona akukoka chogwirira chija ndi manja onse awiri, koma sichinkakwera. Clive anatulukira pakhomo, kamera ili m'manja, masilipasi kumapazi. Anaiponya pansi n'kuyamba kuthamanga, akukuwa dzina la mlongo wake. Pamsewu wathu pamadutsa basi theka la ola lililonse, ndipo imatsika phirilo mosanyengerera. Ndinayang'ana kumtunda. Ndinayang'ana kumunsi. Basi ija inali itangodutsa kumene, msana wake ukuonekera pakona.

Galimoto inadumpha msewu, inakwera kakhonde ka oyenda pansi, n'kudzalowa mumpanda wanga, masitepe atatu kuchokera pamene ndinagwada. Zitsamba zinaphwanyika, zinapindika, koma zinaigwira. Kunangoti zii.

Clive anafika akukwawa, chifukwa anali atagwa pakati pa msewu n'kusupuka mawondo onse awiri. Glenys anakhala chikhalire, masamba ali m'tsitsi, manja akadali pachogwirira. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Bernadette," anatero, "mpanda wakowu unkafunika kudulira kalekale."

Ndinangokhala pansi m'maluwa momwemo n'kuyamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Clive sanaseke. Anamasula malamba aja, anamupapasa mlongo wake m'mapewa, m'khosi, m'mikono, akungoti, "Wapweteka pati? Tandiuza, wapweteka pati?" Sanapweteke paliponse. Chimene chinawonongeka ndi nyale imodzi yakutsogolo. Koma bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu uja anakhala pamphepete pa msewu n'kulira ngati mwana.

Anansi anatithandiza kukankhira galimoto m'galaja. Clive anatseka chitseko, n'kuloka. Milungu itatu sichinatsegulidwe. Ankati aigulitsa kwa ogula zitsulo, aiphwanye. Lamlungu ankangotosatosa mbatata ndi foloko. Masana ndinkamuona pawindo atangokhala, wailesi yakanema ili yozima.

Tsiku lina Lachiwiri m'mawa Glenys anandiimbira foni.

"Tabwera kuno, ndipo uvale zoti zikhoza kuda."

Ndinamupeza ataima pafupi ndi masitepe, katani ija ataichotsa.

"Zaka zisanu ndi zinayi wakhala akulankhula ndi bafa lija," anatero. "Likachoka azilankhula ndi ndani? Ndi ine? Sindingathe. Gwira uko."

Tinawakoka makinawo mpaka pawindo la kukhitchini. Anawapukuta, anawathira mafuta, anasintha lamba. Anatulutsanso chikwama cha zidutswa za zikopa zimene anatola tsiku lotseka fakitale, zomwe ine sindinkadziwa n'komwe kuti anasunga. Makina analira bwinobwino ngati anagona dzulo. Vuto linali manja. Mzere woyamba unapita uku ndi uku ngati njira ya woledzera. Wachiwiri chimodzimodzi. Glenys anauyang'ana nthawi yaitali, n'kutukwana mawu amene sindinawamve chichokere kufakitale.

"Pita kwanu," anandiuza. "Sindifuna mboni."

Ndinamva pambuyo pake kuti m'mawa uliwonse ankaviika manja m'madzi otentha mpaka zala zitamasuka, ndiye n'kusoka ola limodzi, zisanaumenso. Anapeza kuti chala chamkombaphala sichingathenso kutsogolera chikopa, ndiye anaphunzitsa chapakati. Tsiku lachinayi anabwera kwathu osaimba foni, n'kuika kachidutswa ka chikopa patebulo, pambali pa kapu yanga ya tiyi. Mizere iwiri, yowongoka, yokhota pamodzi kumapeto. Anadzithirira tiyi, anakhala pansi, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo.

Titamwa tiyiyo tinawoloka msewu.

"Tsegula galaja," anatero Glenys, Clive atangosuzumira pakhomo.

"Ndanena kale kuti ndikuigulitsa."

"Ugulitse ikatha. Sungagulitse chinthu chovala jombo, anthu angatiseke. Kiyi ali kuti?"

Clive anatsegula. Glenys anamulamula kuti achotse labala uja, ndipo ataona mmene mano anamudyera m'kati, Clive anatembenukira kukhoma. Mlongo wake sanamupatse mpata woti ayambirenso kulira.

"Kweza chogwiriracho mpaka pamapeto. Tsitsa. Kwezanso. Ukuona? Chinthuchi chimayenda, chimapinda ngati phazi. Iwe unachiveka ngati chipilala."

Glenys anachikulunga ndi pepala la pulasitiki chili chokweza, anamata tepi pamwamba pake ponseponse, n'kujambula mizere ndi pensulo, monga ankachitira odula mapatani kufakitale. Kenako anang'amba tepiyo motsata mizere ndi kampeni kake, n'kuiyala patebulo. Panatuluka zidutswa zitatu.

"Koma chikopa si chitseko," anatero. "Chibowo icho utseke ndiwe, ndi chitsulo. Usiye kampata kongokwanira chogwirira kuyenda, osapitirira. M'mphepete upinde, pasakhale pocheka. Mano awonso uwamangire kakhola, kuti changa chisawakhudze. Zimenezo ukhoza, kapena ndikaitane mwamuna?"

"Ndikhoza," anatero Clive, mawu ali pansi.

"Sindinamve."

"Ndati ndikhoza, mayi inu!"

Madzulo a tsiku limenelo ndinamvanso kulira kwa tupa kuchokera m'galaja, ndipo sindinaganizepo kuti phokoso limenelo lingandisangalatse.

Clive anadula lata la aluminiyamu, analipinda m'mbali, m'mphepete mwa kampata n'kuvekamo kalabala kofewa. Anapanganso kachivundikiro kokhota kophimba mano, ndi mkombero wosalala wopanira chikopa kumunsi, wa masikuluwu a mitu yobulungira. Glenys anayamba wasoka chovalacho ndi nsalu yakale kuti ayese. Chinakana. Chogwirira chikatsika, nsalu inkadzikundika kutsogolo n'kutsamira pakampata. Clive anatsegula pakamwa kuti anene kanthu.

"Yerekeza," anatero Glenys.

Anatseka.

Glenys anabwerera nacho kunyumba, anawonjezera kachidutswa kachinayi kumbuyo kuti chovalacho chizifutukuka pokweza, ndipo kutsogolo anaikamo kachikopa kolimba m'kati kuti mapindo azigwera kunja. Nsalu yachiwiri inayenda bwino. Apo m'pamene anadula chikopa chenicheni, chakuda, chofewa, cha mwana wa ng'ombe. M'mphepete anachisenga ndi mpeni mpaka chinapyapyala ngati pepala, kuti misoko isatupe. Kumwamba anasiya batani lomasulira lili pamtunda, chala chizilipeza osafufuza. Zonsezi zinamutengera masiku asanu ndi atatu, ola limodzi m'mawa uliwonse.

Atachiveka, anakhala pampando wapulasitiki pakhomo pa galaja, n'kumuuza Clive kuti akweze ndi kutsitsa maulendo zana. Ankawerenga yekha mokweza. Pofika makumi asanu ndi awiri Clive anati mkono wafa.

"Sintha mkono," anatero Glenys.

Atamaliza, Glenys anamasula mkombero n'kutembenuza chikopa kuti aone m'kati. Munalibe ngakhale kachizindikiro.

Kunatsala kuyesa pamtsetse womwe uja. Ulendo uno Clive anaika mitengo iwiri yokhuthala pakanjira, patsogolo pang'ono pa matayala. Ine anandiimika mumsewu kuti ndiziyang'ana basi. Anakhala yekha pampando woyendetsa, phazi lili pabuleki, n'kukoka chogwirira. Kwe, kwe, kwe, kwe, kwe, kwe. Kasanu ndi kamodzi. Anachotsa phazi pang'onopang'ono. Galimoto inangoti chilili. Anatuluka, anapita kumbuyo, anaikankha ndi phewa mpaka nkhope inafiira. Sinasunthe. Anaikankhanso. Kenako anagona chafufumimba pamalata akumbuyo aja, manja atatambasula, n'kukhala choncho kanthawi.

"Ukaipsompsona ndikupita," anatero Glenys.

Tsiku lokayezetsanso, Glenys anati apita nawo, ndipo anandikokera ine. Tinakhala pabenchi m'chishedi chozizira, tiyi ali m'fulasiki, tikuyang'ana. Woyezayo anali bambo yemwe uja, wamtali, wosalankhulalankhula. Anaona nyale yatsopano, n'kulemba. Anagubuduza mpira wake uja pakati pa mipando, uku ndi uku. Anakweza chogwirira, anatsitsa, anakwezanso mwamphamvu ngati akufuna kuchizula. Anakanikiza chikopa ndi zala kufunafuna mano, osawapeza. Anapita nayo galimoto pamakina oyezera mabuleki, n'kubwera nayo. Nthawi yonseyi Clive anali ataima ngati msilikali, chipewa akuchifinya m'manja. Glenys anandigwira pabondo, ndipo zala zopindika zija zinali ndi mphamvu moti panatsala chizindikiro.

Bambo uja anawerama kachiwiri, n'kuyendetsa chala chachikulu pamsoko, kuchokera kumunsi mpaka kumwamba.

"Ichi munagula kuti, bambo?"

"Sichogula. Asoka ndi achemwali angawo."

Ndinali ndisanamumvepo Clive akumutchula Glenys mwaulemu chotero. Woyezayo anatembenukira kubenchi kwathu.

"Munali kufakitale, mayi?"

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu."

"Ndaonera msokowu. Mayi anga ankasoka ku Kettering." Anasaina pepala lake n'kumupatsa Clive. "Yapambana. Muziyenda bwino."

Clive analiwerenga pepalalo kawiri. Glenys anandisiya bondo, anatsegula fulasiki, koma pothira tiyi theka linatayikira pansi.

"Manja awa," anatero. Koma sanali manja.

Pobwerera tinaima panjira kugula nsomba ndi tchipisi, n'kudyera m'galimoto yokoka ngolo ija, mawindo atachita nthunzi. Clive anadya zake zonse, n'kumalizanso za mlongo wake.

Nambala ya pamsewu itabwera, Clive anapita nayo galimoto kumsonkhano wa anzake opanga magalimoto, m'munda wina kufupi ndi Wellingborough. Anabwerako ndi mayina anayi papepala. Onsewo ankafuna chovala cha handibuleki, wina cha giya chomwe. Glenys anakana kawiri, kachitatu anati abwere nazo galimotozo aone. Mpaka pano amasoka chimodzi pamlungu, m'mawa mokha. Amene wabwera chibowo chili chosatseka amamubweza, kaya wachokera kutali bwanji. Mwezi watha anabweza dokotala wa mano wochokera ku Leicester, ndipo bamboyo anabweranso Loweruka lotsatira, lata atapinda bwinobwino, atanyamulanso keke.

Ulendo woyamba wautali Clive ankafuna apite ndi Glenys kunyanja, ku Hunstanton. Anamugulira chipewa ndi magalasi otchinga mphepo. Glenys anaziyesa pagalasi, anatembenuka uku ndi uku, n'kuzivula.

"Upite ndi Bernadette," anatero. "Ine zanga ndinakwera kale, zinandikwana."

Ndinapita ndine. Mphepo inandiomba mpaka makutu anachita dzanzi, ndipo pobwerera mvula inatipeza tisanafike n'komwe theka la njira. Tinafika titanyowa mpaka zam'kati, mano akugundana. Glenys tinamupeza kunyumba kwa Clive atayatsa moto, supu ili pachitofu, matawulo awiri atawayanika pampando kuti afunde.